Luso Pamanja: Ndalama za khofi zisathere pa kompyuta yokha

Kalata imene ndasankha sabata ino yachokera ku Misuku, m'boma la Chitipa. Wailemba ndi mnyamata amene amalima khofi pamodzi ndi makolo ake, koma kwa zaka ziwiri tsopano wakhalanso akujambula makanema a maukwati, misonkhano ya mpingo ndi zochitika za kusukulu. Akuti anthu ayamba kumudalira ndipo ntchito zikubwera, koma chikumusowetsa tulo n'chakuti kanema wa ukwati umodzi amamutengera mwezi wathunthu, eni ake mpaka kumachita kumulondola kunyumba. Chaka chino bambo ake amulonjeza gawo la ndalama za khofi, ndiye akufunsa kuti agule kompyuta yamphamvu bwanji kuti naye azitchedwa katswiri.

Achimwene, zikomo polemba. Ndikuyankhani poyera chifukwa funso lanuli lili m'mitima ya anyamata ndi atsikana ambiri, kuyambira ku Nthalire mpaka ku Nsanje. Yankho langa mwina silikukomerani: musayambire pa kompyuta. Ndalama za khofi zimabwera kamodzi pachaka, ndipo mukazithira zonse pa makina amodzi onyezimira mudzapeza kuti zimene zimagwetsa anthu pa ntchitoyi simunazikhudze n'komwe.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsa kale, ndipo ndinapsera kwanu komweko. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa kukajambula ukwati ku Misuku. Ndinatsika minibasi pa Kapoka, pamsewu wa Karonga kupita ku Chitipa, n'kukwera njinga yamoto kulowera kumapiri. Mwambo unali wa masiku awiri. Tsiku loyamba agogo aamuna a mkwatibwi, munthu wokalamba kwambiri, anapereka malangizo m'Chisukwa kwa nthawi yaitali, anthu onse ali duu kumvetsera. Usiku ndinakopera zonse mu hard drive imodzi, n'kufufuta memori khadi kuti mawa lake ndijambulirepo zina, poti khadi ndinali nalo limodzi lokha. Pobwerera mvula inali itagwa, njinga inaterereka pamtsetse, tinagwa. Ine ndinangosupuka chigongono. Koma nditafika kunyumba hard drive ija inkangolira tiki tiki, osatseguka. Za tsiku lachiwiri zinali zikadali pakhadi, za tsiku loyamba zinapita.

Patapita miyezi yochepa agogo aja anatisiya. Abale anandiimbira foni, osafunsa za kanema wa ukwati, koma kungopempha mawu a agogo okhawo kuti adzukulu azidzawamva. Ndinalibe chowapatsa. Ndalama ndinabweza, koma madzi akatayika saoleka. Nthawi imeneyo laputopu yanga inali yamphamvu kuposa za anzanga onse, ndipo sinandithandize kanthu.

Choncho ndalama zanuzo muzigawe motsatana chonchi: poyamba posungira zimene mwajambula, kachiwiri magetsi, kachitatu mawu, ndipo kompyuta ibwere pomaliza.

Posungira

Tiyeni tiwerengetsere. Kamera yojambula 4K pa liwiro la 100 Mbps imadya malo okwana 45 GB pa ola limodzi. Ukwati wa maola asanu ndi 225 GB, ndipo ngati makamera ali awiri mwafika 450 GB pa ntchito imodzi yokha. Mukajambula 1080p pa 25 Mbps, ola limodzi ndi pafupifupi 11 GB, ndiye ukwati womwewo sufika 60 GB. Dzifunseni kuti anthu anu akaonera pati kanemayo. Ambiri akaonera pa foni ndi pa TV ya pabalaza, pamene 1080p yojambulidwa bwino imakwanira. 4K muisungire ntchito imene mwini wake waipempha ndipo wailipira.

Lamulo limene akatswiri amatsatira limatchedwa 3-2-1: zojambulazo zikhale m'malo atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kutali ndi zinazo. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili. Gulani SSD imodzi yogwirirapo ntchito ndi ma hard drive awiri osungira. Hard drive ili ndi mbale zozungulira m'kati mwake, n'chifukwa chake imafa msanga ikagwa, koma ndi yotsikirapo mtengo ndipo imanyamula zambiri. SSD ilibe chozungulira, imapirira mabampu a njinga yamoto, komanso ndi yachangu: ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 500 MB pa sekondi, pamene hard drive wamba imakhalira pakati pa 100 ndi 150. Paulendo muzinyamula SSD. Hard drive imodzi ikhale kunyumba kwanu, inayo kwa azakhali kapena kwa mbale wina wokhulupirika, kuti moto, wakuba kapena denga lodontha zisatenge zonse nthawi imodzi.

Memori khadi akhale ochuluka mokwanira kuti musafufute lililonse ntchito isanathe. Yang'anani chizindikiro cha V30, chimene chimatanthauza kuti khadilo limalemba zosachepera 30 MB pa sekondi mosadukiza. Chenjerani ndi makhadi achinyengo, amene adzaza m'misika kuno kwathu ngakhalenso kutsidya kwa malire. Kunja alembapo 128 GB, m'kati muli malo ochepa, ndipo likadzaza limangolemba pamwamba pa zakale mwakachetechete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamadzaza khadi lonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati malowo alipodi. Khadi lililonse latsopano liyambe ladutsa pamenepo lisanapite ku ukwati wa munthu.

Magetsi ndi chinyezi

Kompyuta yaikulu ya patebulo yokhala ndi graphics card yamphamvu imatha kukoka mawati 300 kapena kuposerapo ikamagwira ntchito yolemera, ndipo magetsi akangozima imazima nthawi yomweyo, nthawi zina n'kuwononga fayilo imene mumakonza. Laputopu yabwino imakoka mawati cha m'ma 65 ndipo ili ndi batire lakelake. Ngati mumadalira sola, masamu ake ndi awa. Batire la 100 Ah la 12 V limasunga 1,200 Wh, koma la mtundu wa lead-acid silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye zanu zenizeni ndi 600 Wh. Kompyuta yaikulu ija idzalimaliza m'maola awiri. Laputopu idzagwira tsiku lathunthu la ntchito. Ku Misuku, kumene nkhungu imatha kukuta mapiri a Mughese, Wilindi ndi Matipa mpaka dzuwa kubisala, kusiyana kumeneku ndiye kusiyana kwa kumaliza ntchito ndi kukhala manja lende.

Pogula inverter funsani ya pure sine wave, chifukwa zotchipa zija zimatenthetsa machaja ndiponso zimalowetsa kulira kwa zzz m'mawu. Gulaninso soketi yoteteza ku kukwera kwadzidzidzi kwa magetsi, koma musaidalire pa mphezi. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani zonse kukhoma.

Mdani wina kwanuko ndi chinyezi chomwe chimakometsa khofi ndi nthochi. M'magalasi a kamera mumamera nkhungu yooneka ngati ulusi wa kangaude, ndipo ikakhazikika sichoka. Musasunge kamera m'chikwama chonyowa kapena pansi pa bedi. Pezani kontena yapulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo kamera, makhadi ndi ma hard drive zizigona mmenemo.

Mawu

Anthu amakhululuka chithunzi chikachita mdima pang'ono, koma mawu akapanda kumveka amatseka kanemayo. Ndipo kwanuko muli ndi mayeso ovuta kuposa ena onse, gule wa Mwinoghe. Gule ameneyu, wa Asukwa, Andali ndi Abandya, bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2018. Alibe nyimbo zoimba pakamwa. Zimene zimamveka ndi ng'oma zitatu, wezulo ndi mawu a wotsogolera, amuna ali mzere wawo, akazi wawo. Ndiye phazi likagunda pansi mosiyana ndi ng'oma mu kanema wanu, ngakhale mwana aona kuti china chalakwika.

Kamaikolofoni ka pa foni kapena pa kamera ng'oma zimakaposa mphamvu, mawu n'kumangoti phwaphwapwa. Komanso mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye mukaima mamita 34 kuchokera pa ng'oma, kulira kwake kumakufikani mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Mankhwala ake ndi kachipangizo kojambulira mawu pakokha, koikidwa pafupi ndi oimba ng'oma koma osati pakamwa penipeni pa ng'omayo, mutatsitsa mlingo wake kuti mawu asasweke. Ngati ndalama zachepa, foni yachiwiri yokhala ndi maikolofoni ya pakolala imagwira ntchito yomweyo pa malumbiro ndi pa malangizo a ankhoswe. Musanayambe kujambula, wombani m'manja kamodzi mwamphamvu kutsogolo kwa makamera onse, zojambulira mawu zili zoyatsa. Kuwomba kumeneko kumaoneka ngati kamzere kakatali pa kompyuta, ndipo ndi pamene mudzalumikizire chithunzi ndi mawu. Mugulenso mahedifoni otseka makutu onse, kuti vuto muzilimva muli pamalo pomwepo osati mutafika kale kunyumba.

Tsopano kompyuta ija

Pa ntchito ya 1080p simufunika makina a mamiliyoni ambirimbiri. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi processor ya Intel Core i5 kapena i7 ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 5, RAM ya 16 GB, SSD ya 512 GB ndi sikirini ya 1920 x 1080, idzakutumikirani zaka. Onetsetsani kuti ili ndi mabowo a USB 3, amene nthawi zambiri m'kati mwake amakhala a buluu. Kukopera 225 GB kudzera pa USB 2 kumatenga pafupifupi maola awiri, pamene pa USB 3 hard drive wamba imamaliza m'theka la ola.

Kaya mukagula ku Karonga, ku Mzuzu kapena ku Mbeya, musagule ndi maso. Tengani fulashi yokhala ndi kanema wanu, mumuseweretse pamakinapo kwa mphindi 20, mumve ngati fani ikulira mopitirira kapena pansi pakutentha moti simungagwirepo. Zulani chaja muone mmene batire likutsikira. Yesani bowo lililonse ndi batani lililonse. Wogulitsa amene akukana kuti muyese, musiyireni katundu wake.

Pa mapulogalamu, Adobe Premiere Pro ndi yabwino koma imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. DaVinci Resolve ya kampani ya Blackmagic Design ili ndi mtundu waulere wogwiritsidwa ntchito ndi akatswiri enieni, koma imafuna graphics card yabwino. Pa laputopu wamba yambani ndi Kdenlive kapena Shotcut, zonse zaulere ndipo zikangoikidwa sizifuna intaneti. Mapulogalamu obedwa aja amene anzanu amagawana pa fulashi apeweni, chifukwa ambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo kompyuta imene ikusunga ukwati wa munthu si malo oyesererapo mwayi.

Chifukwa chake mukutenga mwezi

Ndikukhulupirira kuti mwezi wanuwo ukuthera pa zinthu zitatu zimene sizifuna ndalama kuzikonza.

Choyamba chimachitika musanajambule. Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana, ndipo kamera imafunsa kuti ijambule zingati pa sekondi. Magetsi athu ku Malawi amayenda pa 50 Hz, choncho sankhani 25 kapena 50. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30, n'chifukwa chake mukajambula m'tchalitchi kapena mu holo momwe muli mababu, chithunzi chimaphethiraphethira. Makamera onse atcheredwe mofanana, ndipo tsiku ndi nthawi zikhale zolondola pa iliyonse, kuti mafayilo azidzandandalika okha. Mafoni alinso ndi khalidwe losinthasintha liwiro la zithunzi pojambula, zimene zimachititsa kuti pakamwa ndi mawu zisiyane kanema akatalika. Zojambula za pa foni muziyamba mwazidutsitsa mu pulogalamu yaulere ya HandBrake, n'kusankha Constant Framerate.

Chachiwiri ndi kusowa dongosolo. Usiku wa tsiku lojambula, musanadye n'komwe, koperani makhadi onse m'malo awiri. Tsegulani mafayilo angapo a koyambirira, a pakati ndi a kumapeto, muone ngati akusewera, ndipo fananizani kukula kwa foda ndi kwa khadi. Ntchito iliyonse ikhale ndi foda yake, dzina lake loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mtundu wa mwambo. M'kati mwake mukhale mafoda ofanana nthawi zonse: kamera yoyamba, kamera yachiwiri, mawu, nyimbo, zithunzi, zomaliza. Mukangolowetsa mafayilo mu pulogalamu musawasinthenso mayina kapena kuwasuntha, chifukwa pulogalamuyo idzawasowa ndipo mudzataya tsiku mukuwasaka.

Chachitatu ndi kukakamiza kompyuta kusenza katundu amene sikufunika kusenza. Mafayilo a kamera ndi opanikizidwa kwambiri, ndipo kompyuta imatopa powamasula nthawi iliyonse mukadula kapena kubwerera m'mbuyo. Yankho lake ndi proxy. Awa ndi makope opepuka amene pulogalamu imapanga kuti muzidula pa iwo, kenako potulutsa kanema womaliza imabwerera yokha ku mafayilo enieni. Kdenlive, Shotcut, Resolve ndi Premiere zonse zimatha kuchita zimenezi. Yatsani ntchitoyi madzulo, mukagone, m'mawa mudzapeza laputopu imene inkakokakoka ikuthamanga.

Zikatero, ntchito iziyenda motsatana. Lumikizani mawu ndi zithunzi. Onerani zonse kamodzi muli ndi kope ndi cholembera, mukulemba pamene pali malumbiro, malangizo, perekaniperekani ndi gule. Ikani zigawozo mundondomeko popanda zokometsera zilizonse. Mukatero aonetseni eni ake, anene zoti zichoke ndi zoti zibwerere, ndipo mugwirizane kuti kusintha ndi kawiri kokha. Mitundu, nyimbo ndi zolemba zibwere pomaliza. Ambiri amayambira pa maluwa ouluka ndi zilembo zovina, kenako mwini wake akati gawo lonselo lichoke, sabata yapita pachabe. Mayina a anthu ndi mawu a Chisukwa kapena Chindali eni ake akulembereni papepala okha, chifukwa dzina la apongozi likalakwika pa sikirini, ubwino wonse wa kanemayo amauiwala. Mukatsatira izi, ukwati wa tsiku limodzi suyenera kukutengerani kupitirira sabata.

Popereka ntchito

Tulutsani mitundu itatu. Wina wapamwamba wosunga inu, wina wa MP4 ya H.264 woika pa fulashi chifukwa ma TV ambiri amauwerenga, ndi wina wamfupi wa mphindi zitatu kapena zisanu wotumiza kwa abale amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Kumbukirani kuti fulashi ya FAT32 siilola fayilo yoposa 4 GB. Ya exFAT imalola, koma ma TV ena akale saiwerenga, ndiye funsani kaye kumene akaonere, kapena gawani kanemayo m'zigawo. Pa WhatsApp, kanema wotumizidwa mwachizolowezi amafinyidwa mpaka nkhope kusokonekera. Mutumizeni ngati document, imene imaloledwa kufika 2 GB, ngati netiweki ndi bandulo zikulola. Fulashi muzigula nokha yatsopano n'kuika mtengo wake pa bilu, m'malo molowetsa ya kasitomala mu kompyuta yanu.

Nyimbo za oimba zili ndi eni ake. Bungwe la COSOMA ndi lamulo la Copyright la 2016 zilipo kuteteza iwowo, ndipo Facebook ndi YouTube zimatha kutseka mawu a kanema amene muli nyimbo ya mwini. Kwaya ya pamwambo pomwepo ndi ng'oma za kwanu, mutapempha chilolezo, zidzakometsa kanemayo kuposa nyimbo yakunja imene aliyense waimva kale. Pa maliro ndi pa miyambo ya mafumu, yambani mwafunsa akuluakulu zimene ziloledwa kujambulidwa, ndipo musaike pa intaneti nkhope za anthu, makamaka ana, eni ake asanavomere.

Pomaliza, lembani pangano ngakhale la tsamba limodzi: mtengo, chikole, tsiku lopereka, ndi nthawi imene mudzasunge mafayilo. Muwauze poyera kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi zosakonza mudzafufuta, koma kanema womaliza mudzamusunga. Ineyo malangizo a akuluakulu ndi malumbiro sindifufuta konse. Amatenga malo ochepa, ndipo mukudziwa kale chifukwa chake.

Palinso msika umene uli pakhomo panu pomwe. Misuku ndi imodzi mwa makopaletivi a mu Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndipo ogula khofi akunja amakonda kuona kumene khofi wawo amachokera: kuthyola, kutsuka, kuyanika pa matebulo. Munthu amene amakhala komweko, wodziwa chilankhulo ndi nyengo yokolola, ali ndi mwayi umene wojambula wochokera ku Blantyre alibe. Koma ntchito zotere zimapita kwa amene amapereka pa tsiku limene analonjeza.

Ndiye mukalandira ndalama zija, achimwene, khalani pansi ndi bambo muwaonetse mndandandawu. Akaona kuti mwayambira pa zoteteza ntchito za anthu, adzadziwa kuti thukuta la m'munda silinapite pachabe. Mukayesa, mundilemberenso mundiuze kuti ukwati wotsatira wakutengerani masiku angati. Sabata yamawa tidzayankha mayi wa ku Dedza amene akufunsa za kujambula zithunzi za katundu wogulitsa pogwiritsa ntchito foni.